Alamu akuti ndiwasainire loni ya fetereza koma Miyambo 6 yandisowetsa tulo

Mkamwini wa ku Bembeke

Moni nonse abale mwa Ambuye. Ndili ndi nkhani ndikufuna mundithandize maganizo makamaka inu amene Baibulo mumalidziwa bwino, chifukwa ine pano mutu waima. Alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, akufuna kutenga loni ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti agule fetereza, mbewu ndi mankhwala opopera mbatatesi ya kudimba. Ndiye fomu yake ikufuna munthu wachiwiri osaina kuti iwowo akalephera kubweza ngongole igwere iyeyo, ndipo munthu wachiwiriyo akuti ndine. Pa chikole akuti ndilembe njinga yamoto yanga, yomweyi ndimapangira kabaza kuchoka pa Bembeke kupita pa boma, imene ikudyetsa ana pakhomo pano.

Alamuwo si munthu oipa ayi, mowa samwa, kumunda amalimbikira kuposa ine, ndipo nthawi imene mwana wathu anagonekedwa kuchipatala ndi iwowo anagulitsa mbuzi yawo osafunsa kuti ndalama ibwera liti. Koma mbatatesi mukuidziwa inu, chiwawu chikalowa munda onse umakhala ngati wapsa ndi moto, ndipo chaka choti yachita bwino imachita bwino kwa aliyense ndiye mavenda pa Lizulu ndi pa Chimbiya amangotchula mtengo omwe akufuna iwe nkumangoti tengani poopa kubwerera nayo.

Tsono ine ndimawerenga Miyambo mutu umodzi patsiku motsata deti, poti mitu yake ilipo 31. Pa 6 mwezi uno ndikutsegula, ndime 1 mpaka 5 ikunena ndendende za zimenezi, kuti ngati wamuperekera mnzako chikole wakodwa ndi mawu a pakamwa pako, pita ukamudandaulire, usagone tulo mpaka utadzimasula ngati nyama yothawa mlenje. Ndinachita mantha. Komano buku lomwelo pa 3:27-28 likuti usamumane munthu zabwino pomwe ungathe, usamuuze kuti pita ubwere mawa chinthu uli nacho. Ndipo Ambuye Yesu pa Mateyu 5:42 akuti wokupempha umpatse, wofuna kubwereka usamufulatire. Ndiye ndigwire iti? Ndikakana ndikhala mkhristu ouma mtima, komanso poti ndili pachikamwini mukudziwa mmene nkhani zimayendera pamudzi. Ndikasaina ndiye kuti ndanyozera chenjezo loti ndaliwerenga ndi maso angawa. Fomu akufuna ibwezedwe Lolemba.

Mkulu wa mpingo, Mlanda

Achimwene zikomo pofunsa musanasaine, ambiri amabwera kwa ife akulu ampingo katundu atanyamulidwa kale. Choyamba musaone ngati Baibulo likudzitsutsa. Tsegulani Miyambo 26 ndime 4 ndi 5. Ndime 4 ikuti usamuyankhe wopusa monga mwa uchitsiru wake, ndime 5 yotsatira pomwepo ikuti muyankhe wopusa monga mwa uchitsiru wake. Kodi anthu a mfumu Hezekiya aja akutchulidwa pa 25:1 kuti ndiwo anakopera miyambi ya chigawo chimenechi, sanaone kuti ziwirizi zagundana? Anaona, ndipo anazisiya moyandikana choncho dala, chifukwa mwambi umafuna munthu odziwa nthawi yake. Miyambo si malamulo khumi ayi. Ngakhale agogo athu amati chibale ndi fupa sichiola, agogo omwewo nkudzatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo palibe anawanena kuti asokonezeka mutu.

Tsono pa nkhani yanuyi ine ndikuona kuti ndime zimene mwatchulazo sizikukamba chinthu chimodzi. Ya 3:27 ikunena za chinthu chimene chili m'manja mwako lero, uli nacho, ukhoza kupereka. Ya mutu 6 ikunena zolonjeza chinthu cha mtsogolo chimene sichili m'manja mwako. Inu mukasaina simukuwapatsa alamu anu kanthu, mukulonjeza kuti mvula, chiwawu, mtengo wa pa msika ndi thanzi la alamuwo zonse ziyenda bwino mpaka tsiku lobweza, zinthu zoti palibe ndi chimodzi chomwe mumachilamulira. Nchifukwa chake chenjezo limeneli silinalembedwe kamodzi kokha, mulipezanso pa 11:15, pa 17:18, pa 20:16, ndipo pa 22:26-27 ndiye likuchita kufunsa kuti ukadzasowa chobweza akuchotserenji mphasa yomwe wagonapo. Chinthu chikabwerezedwa chonchi m'buku limodzi ndiye kuti anthu ankagwa nacho kawirikawiri.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi njingayo. Pa Deuteronomo 24:6 Mulungu analetsa kutenga mphero ngati chikole, ngakhale mwala wake wapamwamba okha, chifukwa akuti kutero nkutenga moyo wa munthu chikole. Banja la ku Israeli likalandidwa mphero ndiye kuti tsiku limenelo mulibe buledi mnyumba. Njinga yanuyo ndiye mphero ya pakhomo panu. Ngati Mulungu analetsa obwereketsa kuilandira, ine sindikuona kuti angakondwe inu mutainyamula nokha kukaipereka. Ndipo si yanu nokha, ndi ya ana aja akudya za kabazayo, iwowo sanafunsidwe.

Ine langizo langa musasaine ndi njinga. Koma musakangoti ayi nkutembenuka, pamenepo ndiye 3:28 idzakutsutsani. Khalani pansi ndi mayi akunyumba muone chimene mungathe kupereka choti ngakhale chitapanda kubwerera simugona ndi njala, kaya ndi thumba limodzi la fetereza kaya theka, mukawapatse.

Mayi msungichuma, Tsangano

Abambo a ku Bembeke ine za ndime ndisiyira akuluakuluwo, ndingokuuzani zimene ndimaona poti ndimasunga bokosi la banki mkhonde kwathu kuno ndipo ambiri mu gulupu yathu ndi alimi a mbatatesi ndi kabichi omwewa. Tsiku losaina aliyense amakhala akuseka, amati aaa ndi mwambo chabe alamu, nkungolemba dzina basi. Tsiku lotolera ndi lina. Ndinaonapo ndi maso anga a bungwe lina atabwera pa mudzi oyandikana nafe, mwini ngongole atawolokera ku Mozambique poti malire ndi apa pomwepa, anthu aja sanavutike nkumusaka, anangopita kwa amene anasaina. Anayamba mbuzi, kenako anakwera padenga nkuyamba kuzula malata limodzilimodzi mayi wa pakhomopo atakhala pakhonde mwana ali kumsana akungoyang'ana, misomali ikugwera mu lichero la ufa lomwe anali atayanika. Munthu oti sanadye nawo ndi 1 tambala yomwe.

Ndipo chimene anthu saganizira ndi ichi, ubale umene mukuopa kuti utha mukakana, ngongoleyo ikavuta umatha moipa kuposa pamenepo. Mukakana lero alamu akwiya mwezi umodzi mwina iwiri, pa maliro mudzakhalabe pamodzi. Koma njinga ikapita chifukwa cha iwowo, inu simudzawayang'ananso bwino, iwonso azidzakuthawani ndi manyazi, ndipo amene adzavutike pakati ndi akazi anu, uku mwamuna uku mlongo wawo.

Ndiye funso langa, mayiwo mwawafunsa? Chifukwa mu uthenga wanu onse sindinamve kuti iwo akuti chani. Musaganize kuti poti ndi achimwene awo ndiye akufuna musaine, mwina akungoopa kuyankhula. Ife azimayi timadziwa za abale athu zimene inu akamwini simungazidziwe, mwina alamuwo ali kale ndi ngongole ina kwa akatapila, mwina ayi, koma amene angadziwe ndi mlongo wawo. Miyambo yomweyo mutu 31 mayi uja amachita kuulingalira munda asanaugule, sikuti ankangoona amuna akusainirana mapepala iye ali kukhitchini.

Komanso funsani chiwongoladzanja ndi masiku obweza. Mabungwe ena amafuna uyambe kubweza mwezi omwewo pomwe mbatatesi imatenga miyezi itatu kapena inayi kuti ukumbe, ndiye ndalama zoyamba kubwezazo zichokera kuti ngati si mthumba mwanu? Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 fetereza anakwera moti loni imene kale inkakwana dimba lonse pano ikungothera matumba ochepa, phindu lake likuchepa koma ngongole ikukula. Ife mu gulupu tinagwirizana kuti munthu asabwereke zopitirira katatu masheya ake, ena amadandaula kuti ndife ouma koma bokosi lathu silinaphwasuke.

Mnyamata wa pa Kampepuza

Ine ndiye nditsutsako pang'ono akuluakulu mundikhululukire. Zonsezi zikumveka bwino koma tikamawerenga Miyambo chonchi tidzakhala akhristu ochenjera kwambiri koma opanda chikondi. Alamuwo pogulitsa mbuzi ija anatsegula Miyambo 6? Anawerengera kuti mwina ndalama sibwera? Anangoona mwana akudwala basi. Nanga Yuda uja pa Genesis 43:9 sanadzipereke chikole chifukwa cha Benjamini, mpaka pa mutu 44 kumuuza Yosefe kuti nditsale ndine kapolo mnyamatayu apite kwa bambo ake? Paulo naye polembera Filemoni ndime 18 ndi 19 akuti ngati Onesimo ali nawe ngongole ilembe pa ine ndidzabweza, mpaka kulemba ndi dzanja lake, kumeneko si kusaina? Ndipo Ahebri 7:22 akuti Yesu yemweyo ndiye chikole cha pangano labwino koposa. Akanati atsate zoti usaperekere mnzako chikole bwenzi ife tili kuti.

Komanso tinene zoona, osauka kuno alibe ma title deed, bank siingawayang'ane, chikole chathu ndi abale athu basi. Aliyense akamakana kusainira mnzake ndiye amene alibe kanthu adzayamba bwanji. Mapeto ake apita kwa akatapila kokatenga 50,000 nkubweza 75,000 pakutha pa mwezi, pamenepo ndiye mwawathandiza?

Mphunzitsi opuma, Mtakataka

Mwana wanga wa pa Kampepuza wafunsa zanzeru ndipo asamuone ngati wamwano. Koma taonetsetsa anthu atatu watchulawo. Yuda anaika ndani pachikole? Iye mwini. Ndipo pali chinthu chokoma pamenepo, pa Genesis 42 ndime 37 Rubeni anayamba ndiye kulonjeza, koma iye anati mukaphe ana anga awiri ndikapanda kubwera naye Benjamini, ndipo Yakobo anakana. Pomwe Yuda anati mlandu ukhale pa ine ndemwe, mkulu uja pamapeto pake analola. Paulo analibe mkazi ndi ana odalira kabaza, ankasoka mahema ndi manja ake ndipo analonjeza zimene akanatha kubweza. Ambuye Yesu ndiye anadziwa mtengo wake onse ndipo anali nacho chobwezera. Onsewa anasaina akudziwa kuti ndilipira ndine ndipo ndakonzeka. Chimene Miyambo ikudana nacho ndi kusaina uku mumtima ukuti sizingafike pamenepo.

Alamu aja pogulitsa mbuzi anapereka mbuzi, chinthu choti anali nacho mkhola, anadziwa kuti chatayika ndi mbuzi imodzi basi. Sanalembe dimba lawo lonse pa pepala la munthu wachilendo. Ndiye kubweza ubwino umenewo ndi kuchita chimodzimodzi, kupereka chimene chilipo, ngakhale chopweteka.

Ife akatolika m'Baibulo lathu muli buku la Sira, anzathu a CCAP simuliwerenga pa guwa koma nzeru zake si zoipa. Mbali yaikulu ya mutu 29 ndi ya ngongole ndi chikole, ndipo iye sakuletsa ayi, akuti munthu wabwino amamuimira mnzake, komanso akuvomereza kuti kuimira ena kwagwetsa anthu ambiri amene zinthu zinkawayendera mpaka ena kuthawa kwawo. Ndiye ndime 20 akumanga kuti thandiza mnzako monga mmene ungathere koma samala ungagwe nawe. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pomwe Miyambo 3 ndi Miyambo 6 zimakumana. Ku mphakati kwathu tinakambiranapo mutu umenewu mpaka dzuwa kulowa, azimayi ndi amene anali ndi zitsanzo zambiri, azibambo ambiri anangoti zii, kaya chifukwa chani.

Pa za akatapila ndikugwirizana nawe kwathunthu, ndipo pamenepo mlandu ndi wa mpingo onse osati wa mkamwini mmodzi. Werengani Nehemiya 5. Kunali njala, anthu anapinyolitsa minda, minda ya mpesa ndi nyumba kuti apeze tirigu, ena kukongola kuti alipire msonkho wa mfumu, mpaka ana awo aakazi kutengedwa ukapolo ndi Ayuda anzawo. Nehemiya sanapite kwa osaukawo kukawaphunzitsa kusamala ndalama, anaitanitsa msonkhano waukulu nkudzudzula olemera ndi akuluakulu kuti abweze minda tsiku lomwelo. Masiku ano akatapila ena timakhala nawo pa benchi imodzi lamulungu, ena ndi amene amapereka chambiri pa pepala sande ndiye palibe amawakhudza. Ulaliki wa Miyambo 22:7 woti wokongola ndi kapolo wa womukongoza timaulozetsa kwa okongola okhaokha, ngati kuti ndimeyo ikumuyamikira mwini kapoloyo.

Abambo a ku Bembeke, china chimene ndingaonjezere, nkhaniyi musaisenze nokha ngati kuti alamuwo m'bale wawo ndinu nokha. Mbumba ili ndi eni ake. Atsibweni awo a akazi anu alipo? Abale ena aamuna alipo? Nchifukwa chani chikole chikufunidwa kwa mkamwini, munthu oti mawa zitavuta pamudzipo amuuza kuti nyamula zako? Sindikunena kuti alamuwo ali ndi chiwembu ayi, mwina angoona kuti njinga ndi chinthu chokhacho a bungwewo angachilandire msanga, koma funso limenelo lifunsidwe pa bwalo la banja, mwaulemu.

Mkamwini wa ku Bembeke

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Mayi a ku Tsangano munalasa, usiku ndinawafunsa mayi akunyumba ndipo anayamba ndi kuseka, akuti ndimadikira kuti mundifunsa liti. Iwo sakufuna ndi pang'ono pomwe kuti njinga ilembedwe, koma ankaopa kuti akanena ndiye azioneka ngati akutsekereza mlongo wawo. Za ngongole ina akuti palibe imene akuidziwa, koma anandikumbutsa kuti dimba lomwelo chaka chatha madzi anaphwa msanga ndipo mbatatesi inatuluka ing'onoing'ono, zoti ine ndinali nditaiwala.

Ndiye tapangana chonchi. Tili ndi nkhumba ziwiri, imodzi tigulitsa, ndalama yake tiwonjezere ndi ya kabaza ya sabata ino tiwagulire thumba limodzi la fetereza ndi mankhwala opopera a Dithane, tiwauze kuti izi si ngongole. Mbewu akuti atsibweni ali nayo yotsala ya chaka chatha ndiye mawa madzulo tikupita konko tonse ndi alamuwo kuti tikakambe pamaso pawo. Dimba lichepa, mwina theka la mmene amafunira, koma lopanda pepala. Mantha ndili nawobe kuti kaya akandimva bwanji, poti iwo anali atauza kale a bungwe aja kuti osaina alipo. Achimwene a pa Kampepuza mawu anu aja a mbuzi anandipweteka koma ndi amene apangitsa kuti nkhumba ipite, ndikanangokana basi. Mutipempherere mawa cha m'ma 5 koloko.

Mnyamata wa pa Kampepuza

Tipemphera akulu. Komabe ine funso langa lija la anthu opanda nkhumba yogulitsa komanso opanda m'bale wa njinga silinayankhidwe bwinobwino, aphunzitsi angolikankhira ku mpingo ndipo mpingo wake sindinauonepo ukuitanitsa msonkhano wa Nehemiya. Akulu a ku Mlanda mutiuze ngati session, bwalo lanu la akulu ampingo, inakambapo za akatapila a mu mpingo, kapena timangoweruza za mimba ndi mowa basi.

Mayi msungichuma, Tsangano

Nkhumbayo musagulitse kwa oyamba kufika pakhomo, akadziwa kuti muli pa changu akudyerani. Funsani kaye mitengo kwa anthu awiri atatu ootcha nyama pa msewu, ndipo fetereza mukagule nokha ku shopu yodziwika mutenge lisiti, thumba muliyeze pa sikelo pomwepo, poti ena amasakaniza ndi mchenga. Kwa atsibweni muwasiye mayiwo ayambe ndiwo kuyankhula, inu mudzangothira ndemanga.